Mutu 7: Mpando wa Pafupi ndi Chitseko

1. Jekete la eni

Loweruka m'mawa Tavis Whitlow ankasita jekete la eni. Ankasita mosafulumira. Ankayala mkono umodzi wa jeketelo, n'kuuphimba ndi kansalu konyowa, n'kutsindira simbi, kenaka n'kudikira kuti nthunzi ithe kaye. Akamaliza ankabwerezanso pomwepo.

Jeketelo linali la amalume ake, a Purvis Gaines, mkulu wa mpingo. Anabwera nalo Lachinayi n'kulikoleka pachitseko.

"Lako lija likuthina," anatero tsikulo. "Chinthucho chizioneka. Munthu wonyamula mfuti amavala jekete lotaya."

Tavis anali atangokwanitsa zaka makumi awiri ndi chimodzi, msinkhu umene munthu amaloledwa kugula mfuti ya m'manja kusitolo. Masiku asanu pa sabata ankaima pamzere kufakitale ya nkhuku, akudula mapiko kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Lamulungu ankaimba besi kukwaya, mzere wakumbuyo. Kupatula poimbapo, mawu ake ankamveka mwa apo ndi apo.

Mayi ake, a Verlene, anali pampando pafupi ndi firiji, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda.

"Ulipsereza jekete la eni akelo," anatero. "Chiyambire muja mkono umodzi womwewo?"

"Unali ndi makwinya, amayi."

"Makwinya ali pankhope pakopo."

Nkhani yake inali yotere. Zaka khumi m'mbuyomo kunamveka kuti munthu wina analowa m'tchalitchi cha anthu akuda kutali uko, anakhala nawo pansi ngati mlendo, kenaka n'kuwawombera. Sabata yomweyo akulu a mpingo wa kwawo kwa Tavis, katchalitchi kamatabwa ka kuseri kwa njanji, anamanga mfundo imodzi: amuna anayi azikhala pafupi ndi chitseko Lamulungu lililonse, mfuti zili kunsi kwa majekete. Mmodzi anamwalira. Wina anatengedwa ndi ana ake kupita ku Atlanta. Wachitatu anachita khungu. Anatsala a Purvis okha.

Tsono a Purviswo manja anali atayamba kunjenjemera. Akanyamula kapu ya khofi, theka linkathera patebulo. Mpingo wonse unkaona, koma panalibe wonena.

"Tamvera, mwana wanga," anapitiriza a Verlene. "Ine mfuti sindiifuna m'nyumba muno, ukudziwa. Koma achimwene atopa. Zaka khumi munthu osajomba, ngakhale tsiku lija anazulitsa dzino. Anzako onse anathawira ku Birmingham ndi ku Mobile. Ukamwaza maso m'tchalitchi muja, mwamuna wopanda imvi ndiwe wekha. Mpandowo ukapanda kuutenga iwe, autenga ndani? Usakawachititse manyazi kusitoloko. Akakufunsa uziyankha. Anthu asamati Verlene anabala chitsa."

"Ndamva, amayi."

"Kumva n'kwina, kuyankha n'kwina."

Panja hutala ya pikapu ya a Purvis inalira kawiri.

2. Malamulo osalembedwa

A Purvis anali atasuntha kale kupita kumpando wa wokwera.

"Yendetsa ndiwe, mphwanga. Maso angawa sagwirizana ndi dzuwa la m'mawa."

Pikapu inayenda pakati pa minda ya thonje ndi nkhalango za paini. A Purvis anapanikiza manja awo pakati pa mawondo. Atadutsa mlatho anakonza kukhosi.

"Mpando uja uli ndi malamulo ake, ndipo sanalembedwe pena paliponse. Ndinena kamodzi, usunge. Umafika anthu asanafike, umachoka onse atachoka. Umakhala msana uli kukhoma. Munthu akamalowa usamuyang'ane nkhope. Nkhope imanama. Yang'ana manja. Manja akakhala poyera, mleke adutse. Dzanja likakhala m'thumba, maso ako akhale pomwepo mpaka lituluke.

"Jekete suvula, kaya kutenthe bwanji. Mwezi wa Julaye thukuta lizitsika mpaka m'masokosi, iwe phee. Ana akathamangira kudzakukumbatira m'chiuno, uwatembenuzire mbali yopanda chitsulo. Amayi akuluakulu okonda kukumbatira aja, uwapatse dzanja akadali patali. Adzati wayamba kunyada. Alekeni anene.

"Nyimbo suimba. Munthu woimba samva galimoto ikaima panja. Ndipo abusa akati tiyeni tiwerame tipemphere, wako mutu suwerama. Anthu onse atsinzine, iwe maso ali tong'o. Ameni umanena uli chiyang'anire."

Tavis anasintha giya.

"Ndiye kukwaya basi?"

"Basi. Wa besi apeza wina."

"Inunso munkaimba."

"Ndinkaimba, inde. Amayi ako angakuuze, ndikayamba ine mazenera ankalira." A Purvis anayang'ana panja. "Munthu umazolowera. Wanyamula ndalama zingati?"

"Madola mazana atatu."

"Akwana. Sitikufuna zamanyado. Tikufuna kakang'ono, kotchipa, kobisika. Mawa lomwe ukhala pambali panga, sabata yamawa ukhala wekha. Ine ndikakhale kutsogolo, ndikamveko ulaliki ngati anthu ena."

Anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

3. Zitatu pamphasa

Sitoloyo inali pakati pa malo omatira matayala ndi nyumba yometera. Mwini wake anali Mayi Odessa Pruitt, mayi wamfupi wa imvi mbuu, amene anakhalapo msilikali ali mtsikana. Iwo ndi a Purvis anaphunzira kalasi imodzi.

"Ee, a dikoni! Ndimayesa munatsogola kale osandiitana kumaliro."

"Ndikudikira mutsogole ndinu, mukandisesere pokhala."

"Kumene ndikupita ine inu sakakulandiraniko. Uyu ndiye mwana wa Verlene? Kutalika konseku! Amalankhula?"

"Lamulungu lokha, akamaimba."

A Purvis anawerama pa tebulo lagalasi n'kuloza ndi chibwano kamfuti kakang'ono kwambiri, kolembedwa madola zana limodzi ndi makumi asanu ndi awiri.

"Ako. Kolowa ngakhale m'thumba la malaya."

Mayi Odessa anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Amuna nonse matenda anu ndi amodzi. Mukalowa muno mumathamangira kakang'ono, mukuganiza kuti kakang'ono n'kofatsa. Tsabola wowawitsa si wamng'ono uja? Mfuti ikapepuka, mphamvu yonse ya onga imathera m'dzanja mwako. Chogwirira n'chachifupi, chala chaching'ono chimangolendewera. Munthu amagula, amawomba kasanu, dzanja latupa, basi sabweranso kudzayeserera. Koma kunyamula amanyamulabe. Mfuti imene mwini wake saiyeserera siopsa chigawenga ayi, imaopsa amene wakhala naye pafupi. Tatambasula dzanja, mnyamata."

Tavis anatambasula. Linali dzanja lalikulu, lodzaza ndi timabala ta mpeni wa kufakitale.

"Mukuona? Chikhatho ngati fosholo, inu mukufuna kumugulira supuni ya tiyi."

Anayala kamphasa ka labala patebulo. Anatulutsa mfuti zitatu, iliyonse n'kuitsegula, n'kusuzumira, n'kumuonetsa Tavis kuti ilibe kanthu.

"Ngakhale ndakuonetsa, uyang'anenso wekha. Mfuti iliyonse ili ndi chipolopolo mpaka maso ako akane. Kukamwa kwake usalozetse chinthu chimene sukufuna kuchiboola. Chala chikhale kutali ndi pokokera mpaka nthawi yake. Wamva?"

"Ndamva, mayi."

"Amalankhula ndithu. Tsono iyi ndi ya amalume akoyo. Iyi yakaleyi, ya kagudumu ka zipolopolo zisanu, ndi mazana awiri ndi makumi anayi. Siikakamira, koma chala chimafunika champhamvu. Iyi yafulatiyi inagwirapo kale ntchito kwa munthu wina, n'chifukwa chake ndaitsitsa. Mazana awiri ndi makumi asanu ndi anayi. Ndi yokulirapo pang'ono, koma m'jekete imabisika."

"Yadula," anatero a Purvis.

"Maliro ndiye otchipa? Nsapato sagula osayesa, a dikoni. Tiyeni kuseri."

4. Chandamale

Kuseri kwa sitolo kunali chipinda chachitali chopanda mazenera, chonunkha onga. Mayi Odessa anawapatsa zotseka m'makutu ndi magalasi, n'kupachika pepala la chandamale mapazi makumi awiri kutsogolo. Anamuimika Tavis, anamukankha phewa, anamukonza zala.

Kakang'ono kaja kanalumpha m'manja mwake ngati nsomba yongovuulidwa kumene. Atawomba kachiwiri kanamuluma pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, magazi pang'ono n'kutuluka. Atawomba kasanu, mayiwo anakoka pepala lija. Panali mabowo anayi, lililonse kwake.

"Chipolopolo chachisanu chili kuti?" anafunsa.

Tavis anapukusa mutu.

"Muno chagunda khoma. M'tchalitchi chikanapeza ndani?"

Mayi Odessa anapachika pepala lina.

Ya kagudumu ija inali yolimba pokoka, ndipo mabowo ake anatsikira kumanzere. Kenaka anamupatsa yachitatu. Chogwirira chinadzaza m'dzanja mwake bwinobwino. Tavis anapuma monga amapumira asanayambe nyimbo, n'kukoka pang'onopang'ono. Kasanu.

Pepala litabwera, mabowo onse asanu anali pamodzi, oti chikhatho n'kuwaphimba.

"Ambuye Yesu!" anafuula a Purvis. "Mwaona, Odessa? Magazi a kwathu amenewo! Agogo ake ankagwetsa gologolo ali pamwamba pa mtengo, diso limodzi lili lotupa!"

"Bodza limenelo ndinalimva tili sitandade sikisi. Koma mwanayu dzanja ali nalo, sindikana." Anatembenuka. "Nanga inu, a dikoni? Zaka ziwiri tsopano simunaimepo apa. Ndipachike pepala lina?"

A Purvis analowetsa manja m'matumba.

"Lero ndi tsiku la mwanayu."

Mayi Odessa anayang'ana matumbawo, n'kuyang'ana pansi, n'kuyamba kutola timakoko ta zipolopolo.

5. Funso losowa pafomu

Atabwerera kutsogolo, mayiwo anaika fomu ndi cholembera patebulo.

"Ulembe zoona zokhazokha. Nditumiza dzina lako kuboma akaone ngati ulibe mlandu, zikakhala bwino utuluka nayo lero lomwe. Chimake cha m'chiuno ndikupatsa chakale, cholimba, chophimba pokokera ponse. Bokosi lachitsulo la loko ugule ukalandira. M'thumba mwa buluku kapena pansi pa pilo, ayi. Koma usanalembe, khala chete undimvere. Kukhala chete ndiye umatha.

"Mtengo walembedwa apawu ndi waung'ono. Waukulu umalipira tsiku ndi tsiku. Kuyambira pamene wamangirira ichi m'chiuno, ulibenso ufulu wopsa mtima. Wina akakutukwana pamsewu, wopepesa ndiwe. Wina akakupondera nsapato dala, umaseka n'kuchoka. Mowa ayi. Mwezi uliwonse uzibwera kuno kudzayeserera, kaya watopa bwanji ndi nkhuku zakozo. Ndipo wapolisi akakuimitsa, mwana wakuda ngati iwe, manja akhale pachiwongolero, ulankhule pang'onopang'ono ngati ukuwerenga Salimo.

"Ine ndanyamula zaka makumi atatu. Sindinaitulutsirepo munthu, ndipo madzulo ndikaivula msana umathokoza. Pali funso limodzi limene boma silinaike pafomupo. Kodi ukhoza kuwombera munthu, mwana wa mayi wina, ana akuona? Ngati yankho sukulidziwa, m'sitolo muno mulibe yokukwana."

"Mukumuopseza mwana," anatero a Purvis. "Lemba, mphwanga. Amayi ako aphika mpiru wa nyama ya nkhumba ndi chikondamoyo, tikapeza zitazizira."

Tavis anatenga cholembera. Analemba dzina la bambo ake, Whitlow. Analemba lake. Pa tsiku lobadwa anaima. Anaika cholembera chija pansi, n'kuchiwongola kuti chigone molingana ndi pepala.

"Amalume."

"Chavuta n'chiyani? Waiwala tsiku lako lobadwa?"

"Ndinakuonani."

"Unandiona kuti?"

Tavis sanadzutse mutu. Mawu ake anali apansipansi, koma m'sitolomo munalibe wina, ndipo ankamveka onse.

"Lamulungu lija kunagwa mvula yambiri. Anthu onse amayang'ana kutsogolo. Ife a kwaya ndife timayang'ana kumbuyo. Abusa anali akupemphera, ine ndinatsegula maso chifukwa chitseko chinalira. Analowa mnyamata wovala chipewa cha juzi, dzanja lili mkati mwa malaya. Inu munaitulutsa, amalume. Inafika apa, pamimba. Inkagwedezeka chonchi. Kutsogolo kwanu kunali benchi ya ana a Sande sukulu. Kamwana ka a Tolliver kanali katagona, mutu uli pamsana pa benchi, pomwe panaloza mfutiyo."

Tavis anapitiriza.

"Mnyamata uja anali mdzukulu wa Mayi Lockett. Anabweretsa mankhwala a shuga amene agogo ake anaiwala. Anawabisa m'malaya kuti asanyowe. Inu munaibweza msanga. Anthu atati Ameni, palibe anadziwa. Ine nyimbo yotsatira sindinaimbe, ndinkangoyendetsa milomo."

"Mphwanga..."

"Ndiloleni ndimalize, amalume, chifukwa ndikasiya sindiyambanso." Tavis anadzutsa mutu. "Munati ndisamayang'ane nkhope. Mukanayang'ana nkhope mukanamudziwa. Mphuno yake ndi ya agogo ake ndendende. Mwatopa, ndikudziwa. Amayi akudziwa. Mayi Odessa awa akudziwa. Aliyense akuona manja anu, koma akuopa kukuuzani chifukwa mwatilondera zaka khumi. Ndiye akufuna ine ndigule lero, mawa ndikhale pamenepo, kuti pasapezeke wokuuzani.

"Funso la mayiwa yankho lake sindikulidziwa. Pepala ndaboola, inde. Pepala lilibe agogo ake. Sindigula lero. Pachitseko ndikhalapo ngati mukufuna, kwaya ndisiya. Ndiziima panja pakhonde, aliyense wobwera ndizimupatsa moni ndi dzanja, ndizimufunsa dzina. Wosamudziwa ndizilowa naye ndekha. Koma yanuyo, amalume, isalowenso m'tchalitchi muja. Isiyeni kuno, mayiwa akusungireni."

Panja wina ankakhoma tayala ndi nyundo.

"Bokosi lilipo, Purvis," anatero Mayi Odessa motsitsa. "Sindilipiritsa."

A Purvis sanawayang'ane. Anatulutsa dzanja limodzi m'thumba n'kugwira m'mphepete mwa tebulo. Galasi linayamba kulira pang'onopang'ono pansi pa mphete yawo. Analiyang'ana dzanjalo ngati la munthu wina.

"Moni wa dzanja," anatero. "Tsiku lidzabwere munthu woipa weniweni, udzamuimitsa ndi moni wa dzanja?"

"Sindikudziwa, amalume."

"Sukudziwa. Ndinakunyamula pa ubatizo ndi manja omwewa. Lero ukundivula pamaso pa mkazi amene ndinaphunzira naye." Anamanga batani la jekete lawo, ndipo zinawatengera nthawi. "Mpando uja sunaikidwe ndi ine. Unaikidwa ndi akulu a mpingo. Mawa tikaweruka pali msonkhano. Zimene wanena pano ukazinenenso kumeneko, pamaso pa abusa, ndi pakamwa pako pomwepo. Tione ngati mawuwo akatuluke."

Anayenda kupita kuchitseko. Kudzanja lamanja, pansi pa jekete, panali potukuka pang'ono.

Tavis anapinda fomu ija pakati n'kuibweza kwa Mayi Odessa.

"Ndikanena, amalume," anatero. "Koma mawa m'mawa mukandipeza pakhonde. Mukabwera nayo, sindikadikira msonkhano. Ndikanena mpingo wonse ukumva, nyimbo yoyamba isanayambe."